MLEMBI AKAKANA ZIMENE ADALEMBA

Chilipo chisoni china chimene sichidza ndi maliro kapena ndi njala, koma chimalasa mtima ngati munga wothyokera m'phazi. Ndicho chisoni cha munthu amene adakonda mawu a mlembi wina, nawasunga pamtima, nawaphunzitsa ana ake, tsiku lina n'kudzamva kuti mwini mawuwo akunena ndi kuchita zosemphana ndi zimene adalemba. Munthu wotere amakhala ngati waberedwa, chonsecho m'nyumba mwake simudasowe kanthu. Buku lili pomwe adalisiya, masamba ake ali onse, zilembo sizidafufutike. Koma akalitsekula saliwerenganso ndi mtima wakale uja. Funso lomsautsa nali: kodi mawu awa adali oona, kapena iye adangopusitsidwa? Ndipo ngati mwini wake adawataya, wowerenga awasungirenji?

Funso limeneli si la anthu ophunzira okha ayi. Limafika ndi pakhonde pa katekisti, pamene mkhristu wokhumudwa abwera madzulo kudzadandaula za mphunzitsi amene adagwa. Koma anthu a kunyanja kuno ali ndi chifukwa chawochawo choliganizira bwino, pakuti m'boma lino la Mangochi chisoni chotere chidakhetsapo mwazi.

Dr. Hastings Kamuzu Banda adachoka m'dziko lino ali mnyamata, nakhala kunja zaka zoposa 40. Pa zaka zonsezo adali owerengeka anthu amene adaona nkhope yake. Iye adadziwika ndi cholembera. Ali dotolo ku Britain ankalemberana makalata ndi atsogoleri a Nyasaland African Congress, kuwalangiza ndi kuwalimbitsa mtima. M'chaka cha 1946 iye ndi m'busa wa ku Scotland, Cullen Young, adamasulira m'Chingerezi zolemba za anthu atatu a dziko lino zofotokoza miyambo ya makolo, nazisindikiza m'buku lotchedwa Our African Way of Life, naikako mawu oyamba olemba okha. Ndipo m'chaka cha 1949, pamene Azungu a ku Southern Rhodesia adayamba kukakamira za Chitaganya, iye ndi Harry Nkumbula wa ku Northern Rhodesia adalemba chikalata chotsutsa maganizowo m'dzina la anthu akuda a maiko awiriwo okhala ku Britain.

Mfundo za chikalatacho zidali zomveka ngakhale kwa munthu wosaphunzira. Ku Southern Rhodesia munthu wakuda ankasalidwa chifukwa cha khungu lake, ndipo adalibe mawu pa za ulamuliro wa dziko lake. Chitaganya chikadza, ulamuliro wa mtundu umenewo ukadawoloka Zambezi, ndipo anthu amene ankayembekeza kudzadziimira paokha akadasanduka ngati akapolo pamaso pa mbuye wawo. Pansi pa zonsezo padagona mfundo imodzi, yakuti si chilungamo kulamulira anthu popanda kuwafunsa. Kunyanja kuno mawu akuti kapolo sadali fanizo chabe. M'chaka chimenecho adalipobe okalamba amene adaona ndi maso awo anthu ali m'magoli pa madoko a Mponda ndi Makanjira, pakuti linga la Fort Johnston lidangomangidwa mu 1891 kuti litseke njira ya malonda oipawo. Mawu otere akafika pa dothi lotere amamera msanga.

Mmodzi mwa amene adakhulupirira dotoloyo asanakhale naye pamodzi adali Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican wa ku Malindi, kutsidya kwa nyanja. Iye adaphunzira ku Fort Hare, nasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956. Ndiye amene adalimbikira kulemba makalata opempha Dr. Banda kuti abwerere kudzatsogolera anthu ake. Dotoloyo adatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Boma la atsamunda litagwira atsogoleri a Congress m'mwezi wa Malichi 1959, awiriwa adakhala m'ndende imodzi ku Gwelo, omangidwa popanda kuzengedwa mlandu. Chitaganya chidatha kumapeto kwa 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 mbendera yatsopano idakwera.

Sipadapite miyezi itatu, nyumba idang'aluka. Nduna zidadandaula za tiki imene odwala adayamba kulipira m'zipatala za boma, za kuchedwa kupereka maudindo kwa eni dziko, za chibwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso za maganizo oti boma latsopano likhale ndi mphamvu yotsekera munthu popanda mlandu. Koma chachikulu chidali chakuti Nduna Yaikulu inkalamula zonse yokha, osafunsa anzake. M'mwezi wa Sepitembala ena adachotsedwa, ena adatula okha maudindo, ndipo Chipembere, atabwerako ku Canada kumene adali pa ulendo, adaima ndi anzakewo. Adamlamula kuti asapyole mamailo anayi kuchokera kunyumba kwake ku Malindi. Iye adathawira kumapiri, ndipo usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 adalowa mu Fort Johnston ndi anthu pafupifupi 200, nalanda mfuti, nalunjika ku Zomba. Pa Liwonde adapeza pantoni ili kutsidya, ndipo ulendowo udathera pomwepo. Chipembere adakafera ku Los Angeles mu 1975.

Kutenga zida si njira imene Mpingo ungaiyamikire mopepuka, ndipo usiku umenewo padafa anthu osalakwa. Koma zimene zidatsatira ndizo zimene okalamba a kuno amazinenabe motsitsa mawu. Midzi idatenthedwa. Anthu ambiri adatsekeredwa ku Dzeleka popanda kuonekera pabwalo. Medson Silombela adanyongedwa ku Zomba mu 1966 anthu oitanidwa akuonerera. Pambuyo pake anthu a mudzi wa Moto adasonkhanitsidwa, amuna, akazi ndi ana omwe, natengedwa kupita kundende. Munthu amene adalemba zotsutsa kulamulira anthu popanda kuwafunsa adaletsa zipani zina zonse mu 1966, nakhala Pulezidenti wamuyaya mu 1971. Amene adalemba zodzudzula tsankho la Southern Rhodesia adapangana ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, nalandira John Vorster m'dziko muno mu 1970, nakacheza kumeneko mu 1971. Amene adadziwika ndi cholembera adaika lamulo loletsa mabuku mu 1968. Ndipo mwana wa boma lino, Jack Mapanje wa m'mudzi wa Kadango, wolemba ndakatulo za m'buku la Of Chameleons and Gods, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuuzidwa mlandu wake.

Chilungamo chimafuna kuti mbali inayo imvekenso. Za South Africa Dr. Banda adali ndi yankho lake, ndipo silidali lopusa. Dziko lidali losauka, lopanda doko; katundu ankadzera ku Beira m'manja mwa Apwitikizi; amuna zikwizikwi ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, ndipo mabanja awo ankadya za kumeneko; ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe zidachokeranso komweko. Ankanena kuti tsankho lidzatha ndi kukambirana, osati ndi kunyanyala. Munthu angathe kukana maganizo amenewa, koma sangakane kuti ndi maganizo a mtsogoleri wosenza dziko, amene wapeza kuti kulemba uli ku London n'kosiyana ndi kudyetsa anthu uli ku Zomba. Si kusintha konse kwa maganizo kumene kuli chinyengo. Koma za ana a ku Moto yankho lotere palibe. Sipadali doko kapena mgodi wokakamiza munthu kutsekera mwana woyamwa.

Tsono wowerenga wokhumudwa achitenji? Chiyeso choyamba chimene chimamfikira ndicho kutentha buku. Amati: "Zonse zija zidali zabodza, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Ndipo popeza mtima wopwetekedwa sudziwa malire, satayanso mlembi yekha, koma amataya ndi zimene mlembiyo adanena. Alipo ambiri a mbadwo umenewo amene adafika poti ufulu ndi mawu chabe, chilungamo ndi nyambo ya andale, wanzeru ndi amene amatseka pakamwa nalima munda wake. Apa mpamene kugwa kwa mlembi kumapha kawiri: kumapha ozunzidwa, kumaphanso chikhulupiriro cha otsala.

Eklezia adakumana ndi funso limeneli kalekale, ndiponso pa dothi la Afrika lomwe lino. Ku Carthage kudali munthu wina dzina lake Tertullian, amene adatembenuka mtima ali wamkulu kale. M'chaka cha 197 adalemba buku lotchinjiriza akhristu pamaso pa akuluakulu a Roma amene ankawapha. Ndiye woyamba wodziwika kulemba m'Chilatini liwu limene Eklezia amatchulira Utatu Woyera. Adalembanso buku lamphamvu losonyeza kuti anthu a mipatuko alibe gawo pa Malembo Oyera, popeza chiphunzitso choona chili m'mipingo imene idachokera kwa Apostoli. Adalemba za kulapa, naphunzitsa kuti mkhristu wogwa m'tchimo lalikulu atabatizidwa ali nacho chitseko china cholowera. Koma patangopita zaka zowerengeka, iye mwini adatsata gulu la Montanus, nayamba kunyoza Akatolika kuti ndi anthu otsata za thupi. Ndipo chitseko chija adachitsekula ndi cholembera chake adachitsekanso ndi cholembera chomwecho, nalemba kuti wachigololo asalandiridwenso mu Mpingo. Sadabise kuti wasintha. Adati sachita nazo manyazi.

Akhristu a ku Carthage adali ndi chifukwa chokwanira chotenthera mabuku ake onse. Sadatero. Jerome Woyera adalemba kuti Cyprian Woyera, episkopi wa mzinda womwewo amene adafera chikhulupiriro mu 258, sankalola tsiku kupita osawerenga Tertullian, ndipo poitanitsa mabukuwo kwa mlembi wake ankangomutcha mphunzitsi. Cyprian adadziwa bwino kumene mphunzitsiyo adathera. Iye mwini, anthu ambiri atakana chikhulupiriro m'chizunzo cha 250, adawatsekulira njira ya kulapa, motsutsana ndi maganizo otsiriza a Tertullian, koma mogwirizana ndi oyamba aja. Adatsata buku, namsiya mwini buku.

Chifukwa chake n'chakuti choona sichikhala chuma cha amene wachinena. Mlembi sapanga choona monga mmene woumba amaumbira mbiya. Amangochipeza, monga msodzi amapezera chambo chimene sadachilenge. Choona chonse, ngakhale chituluke m'kamwa mwa yani, mwini wake ndi Mulungu. Asodzi a ku Malombe ndi a ku Makawa amadziwa kuti bwato limayesedwa pamadzi, osati pa mbiri ya wosema. Wosemayo angathe kusanduka chidakwa, angathe kufika ponena kuti nyanja siyofunika. Koma ngati bwato lake lidapirira mwera dzulo, palibe wanzeru amene adzaliwaza nkhuni chifukwa cha mowa wa mwini nsompho. Ngati kudali koipa mu 1949 kulamulira anthu ngati akapolo, kudali koipabe mu 1965, ndipo kusintha kwa mtundu wa khungu la wolamulira sikudachotsepo kanthu.

Augustine Woyera adalimbana ndi maganizo ofanana ndi amenewa kwa otsatira a Donatus. Iwo ankati wansembe amene adapereka Malembo Oyera kwa ozunza m'chaka cha 303 sangathenso kubatiza, ndipo ubatizo wake ndi madzi chabe. Augustine adayankha kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, dzanja likhale la munthu woyera kapena la wochimwa. Inde, buku la munthu si sakramenti, ndipo fanizoli lisakokedwe kupyola pamene lingafike. Koma mzu wake ndi umodzi: Mulungu sadamangirire mphatso zake ku ungwiro wa wozinyamula. Akadatero, Miyambo ya Solomoni ikadachotsedwa m'Baibulo, popeza mfumu imene idachenjeza anyamata za akazi osokeretsa ndiyo idamangira mafano a akazi ake malo opembedzera itakalamba.

Chiyeso chachiwiri n'chonyenga koposa, chifukwa chimavala nsalu ya kukhulupirika. Ndicho kukana kuti mlembi walakwa. Wowerenga amati: "Munthu wolemba zokoma chotere sangachite zimenezi. Ndi anthu omzungulira, iye sakudziwa." Mawu awa adamveka kwambiri m'dziko muno kwa zaka 30, ndipo amamvekanso m'maparishi, wansembe kapena mphunzitsi wokondedwa akatchulidwa pa nkhani yoipa. Amene amatero amaganiza kuti akulemekeza buku, chonsecho akulipereka nsembe kuti apulumutse mwini wake. Choipa chake china n'chakuti wovulazidwayo amasiyidwa yekha. Ndipotu chisoni cha wowerenga, ngakhale chili choona, n'chaching'ono poyerekeza ndi cha mayi amene adabalira mwana m'ndende. Munthu wolira kuti mlembi wake wamgwiritsa mwala ayambe wafunsa kuti alipo ndani amene mwalawo udamgwera pamutu.

Paulo Woyera adasonyeza njira ina ku Antiokeya. Petulo ndiye adaona masomphenya, nalowa m'nyumba ya Kornelio, munthu wosakhala Myuda, naphunzitsa abale a ku Yerusalemu kuti Mulungu alibe tsankho. Koma atafika anthu ena ochokera kwa Yakobo, Petulo yemweyo adachita mantha, naleka kudya pamodzi ndi akhristu a mitundu ina, mpaka Barnaba yemwe adatengeka. Paulo sadanene kuti chiphunzitso cha Petulo chagwa. Sadanenenso kuti mkulu wa Apostoli sangalakwe. Adamdzudzula pamaso pa onse, ndipo ndodo imene adamkwapula nayo idali chiphunzitso cha Petulo mwini. Apa mpamene pali ntchito yeniyeni ya buku limene mwini wake walikana: limasanduka mboni. Akuluakulu adati mlandu suwola. Mawu olembedwa nawonso sawola. Amakhala chete m'bokosi zaka zambiri, koma tsiku la mlandu amaimirira, ndipo palibe mboni yovuta kuitsutsa ngati dzanja la munthu mwini.

Komabe pali chinthu china chowawa, chimene wokonda mlembi safuna kuchimva. Nthawi zina nyerere zija zidali kale mumkuyu, ndipo wowerenga sadazione chifukwa ankadya ndi maso otsinzina. Wobwerera ku mabuku oyamba a Tertullian amapezamo kale ukali, kunyoza otsutsana naye, ndi mtima wosapirira zofooka za anzake. Iye mwini, polemba za kupirira, adavomera kuti akulankhula za khalidwe limene alibe, monga wodwala amakambira za moyo wangwiro. Papa Benedict XVI, pophunzitsa za iye mu 2007, adati chimene chidamsowa munthu wamkuluyu ndi kudzichepetsa kokhala mu Mpingo wa anthu ofooka, kulandira zofooka zawo ndi zake zomwe. Mpatuko wake sudagwe kumwamba. Udakula kuchokera ku mbewu imene idali m'munda kuyambira pachiyambi.

Chimodzimodzinso m'mawu oyamba a buku lija la 1946 mudafotokozedwa bwino za nkhoswe ndi mbumba yake: mwamuna amene amasamala alongo ake ndi ana awo, amene amawaimira pa milandu. Ndi mwambo wabwino, ndipo udafotokozedwa mwachikondi. Koma kumudzi nkhoswe sikhala imodzi, ndipo nkhoswe yolakwa imaitanidwa pabwalo. Mwambowo utakwezedwa kufika pa dziko lonse, padatsala nkhoswe imodzi yokha, yopanda bwalo loiitana, ndipo amayi a dziko lonse adasanduka mbumba yovina pabwalo la ndege. Choncho wowerenga wokhumudwa asangoti buku ndi loyera, mlembi ndiye wodetsedwa. Abwerere ku bukulo ali maso, apete monga mayi amapetera mpunga, asunge maso a mpunga, mankhusu auluke. Kuwerenga kwachiwiri kumeneku sikutsekemera ngati koyamba, koma ndiko kuwerenga kwa munthu wamkulu.

Ndipo popeta apezamo ndi mankhusu akeake. Chipembere ndi anzake, poitana dotolo uja, adapangana zomkweza pamaso pa anthu ngati mpulumutsi, poganiza kuti anthu a kumidzi sangatsate anyamata, koma munthu wa imvi wodzozedwa ndi mbiri. Iye mwini adavomera zimenezi pambuyo pake. Adasema chifaniziro kuti chiwagwirire ntchito, chifanizirocho n'kudzawatembenukira. Izi sizichotsa mlandu pa wozunza, koma zimaonetsa kumene mbali ina ya chisoni imachokera. Munthu akakonda buku amafulumira kumangira mlembi wake guwa mumtima, nampatsa ulemu umene lamulo loyamba la Mulungu lidausungira Mmodzi yekha. Guwalo likagwa, amalira ngati wamasiye. Koma mlembi sadalonjeze kuti ndi mngelo. Kawirikawiri munthu amalemba bwino koposa za chinthu chimene akuchilakalaka, osati chimene ali nacho. Buku lake limakhala pemphero la munthu amene akadafuna kukhala, ndipo moyo wake umatsalira m'mbuyo.

Zonsezi zimatsikira pa bwalo la tchalitchi laling'ono la kumudzi. Kuli mphunzitsi wina amene adaphunzitsa katekisimu zaka 20, amene adakonzekeretsa maukwati a theka la mudzi, amene mwina adapekako nyimbo zimene kwaya imaimbabe. Tsiku lina atenga mkazi wachiwiri, ndipo sakuti wagwa, koma akuti wazindikira tsopano kuti za mkazi mmodzi zidali za Azungu. Pamenepo akhristu amafika kwa katekisti watsopano nati: "Bambo, ngati aphunzitsi omwe atero, nanga ife ndife yani? Ana athu tiwauze chiyani?" Ena amafuna kuti nyimbo zake zileke kuimbidwa. Ena amaleka okha kubwera ku Misa.

Katekisti asayese kubisa, pakuti mudzi wonse ukuona. Asayesenso kuchepetsa, pakuti mkazi woyamba uja ali pomwepo, pa benchi la kumbuyo, ndipo akumva. Anene poyera kuti chimene chachitikacho n'choipa, ndipo awakumbutse kuti akuchidziwa kuti n'choipa chifukwa cha zimene munthu yemweyo adawaphunzitsa. Chikumbumtima chimene chikuwawawa ndi mphatso imene adalandira kudzera mwa iye. Ambuye Yesu, pokamba za alembi ndi Afarisi okhala pa mpando wa Mose, adalamula anthu kusunga zimene iwo ankaphunzitsa ndi kupewa zimene ankachita, ndipo m'mutu womwewo adawadzudzula ndi mawu oopsa koposa onse a mu Uthenga Wabwino. Kumvera chiphunzitso ndi kudzudzula mphunzitsi zidatuluka m'kamwa mmodzi. Za nyimbo zija, nzeru ya abusa iweruze malinga ndi malo: ngati kuziimba kukutsekula bala la wolakwiridwa, zipumule kwa kanthawi, pakuti munthu ndi wamkulu kuposa nyimbo. Koma zisaletsedwe ngati kuti mawu ake asanduka abodza. Ndipo mphunzitsi wakaleyo asachotsedwe m'mapemphero a mpingo; mwina tsiku lina, ali chigonere, adzamva ana akuimba mawu ake omwe podutsa panjira.

Ilipo njira yolemekezeka imene mlembi angasinthire maganizo. Augustine Woyera, atatsala zaka zochepa kuti amwalire mu 430, adakhala pansi ku Hippo nawerenganso mabuku ake 93 limodzi ndi limodzi, nalemba poyera pamene adalakwitsa, pamene adanena mopyola, ndi pamene akadanena mwina. Adadziika yekha pansi pa choona chimene adachitumikira. Wotere sakhumudwitsa owerenga ake, ngakhale asinthe kakhumi. Wokhumudwitsa ndi amene amasiya buku lake likutamandidwa pamene iye akuyenda njira ina, osafuna kuti ziwirizo zikumane. Pa 4 Januwale 1996, bwalo litammasula pa mlandu wa anthu anayi ophedwa ku Mwanza mu 1983, padatuluka mawu opepesa m'dzina la Dr. Banda, opempha chikhululukiro pa zowawa zimene anthu adaziona mu ulamuliro wake kuchokera kwa ochita zinthu m'dzina lake. Ena adawalandira, ena adati afika mochedwa ndipo akankhira mlandu kwa ena. Iye adamwalira ku Johannesburg mu 1997, ndipo kuweruza mtima wake kuli m'manja mwa Mulungu, amene amawerenga zimene sizidalembedwe.

Koma mfundo ija ya 1949 sidadikire kupepesa kwa mwini wake kuti iukenso. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya Maepiskopi, ndipo mwa oisaina mudali Ambuye Alessandro Assolari, episkopi woyamba wa Mangochi. Idasindikizidwa ku Balaka, m'dayosizi yomwe ino, pa makina a Amontfort. Idakamba za malipiro a osauka, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za kuletsa mabuku, ndi za ufulu wa munthu wonena maganizo ake pa zolamulira dziko lake. Wodziwa mbiri akadazindikiramo zambiri zimene dotolo wa ku London adazifunira anthu ake zaka 43 m'mbuyomo. Boma lake lidati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Maepiskopi adafunsidwa ndi apolisi, nyumba yosindikizira ya ku Balaka idayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko.

M'masabata omwewo ansembe a m'maparishi a kunyanja ankapitiriza mapemphero awo a tsiku ndi tsiku, ena atatseka zitseko. Lachinayi la sabata lachitatu la Lenti adatsekula buku la mapemphero a Eklezia pa tsamba la tsikulo, napeza, monga chaka chilichonse, phunziro lofotokoza kuti pemphero ndiyo nsembe yeniyeni ya mkhristu, ndi kuti limalimbitsa ofooka ndi kutsekula ndende. Pamwamba pa phunzirolo padalembedwa dzina la Tertullian, lopanda liwu lakuti Woyera.